Matumba 15 a ku Stanford ndi khanda la kilogalamu imodzi

Khanda lobadwa mimba ili ndi masabata 27 kapena 28 limalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Kuyamwa silitha, pakuti luso loyamwa, kumeza ndi kupuma popanda kutsamwa limadza cha m'masabata 34. Mkaka wa mayi ake amalipatsa ndithu, timadontho towerengeka todzera pa kachubu kapamphuno, koma matumbo ake sanakhwime moti n'kulandira mkaka wokwanira kulikulitsa. Mafuta osungidwa m'thupi lilibe. Chonsecho masabata amenewa ndi omwe ubongo umakula mothamanga kwambiri, kotero njala ya masiku ochepa chabe itha kumutsatira munthu mpaka kusukulu.

M'zipatala za mayiko olemera, khanda lotere limadya kudzera mumtsempha. Sindikunena diripi wamba wa madzi a shuga ndi mchere amene tonse timamudziwa. Ichi ndi chakudya chathunthu, chimene madokotala amachitchula mwachidule kuti TPN: shuga, tizigawo ta mapuloteni, mafuta, sodiyamu, potaziyamu, kashiamu, fosifeti, zinki ndi mavitamini, zonse zamadzimadzi, zodontha usana ndi usiku kudzera pa kachubu kolowetsedwa pamchombo, kapena mumtsempha wa pamkono mpaka kukafika pafupi ndi mtima. Njirayi inayamba m'zaka za m'ma 1960, pamene dokotala wa maopaleshoni Stanley Dudrick wa ku University of Pennsylvania anakulitsa tiana ta agalu pongotidyetsa mumtsempha, kenako iye ndi anzake anachita chimodzimodzi kwa khanda lobadwa ndi matumbo opunduka ku Philadelphia komweko.

Madzi onse amene khanda la kilogalamu imodzi limafunika pa tsiku, likatha sabata yoyamba, ndi mamililita pafupifupi 150. Ndilo theka la botolo la Fanta. M'theka la botolo limenelo muyenera kukwana zonse ndatchulazi, chilichonse pa mlingo wake. Potaziyamu akapyola, mtima umasokonekera kagundidwe. Kashiamu ndi fosifeti zikachulukirana zimaundana n'kupanga timibulu totha kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Shuga akakwera khanda limakodza madzi ambiri n'kuuma, akatsika limakomoka. Ndipo kadontho ka pa nambala kakangosuntha malo amodzi, mwana walandira mlingo wochuluka ka 10.

Ku Lucile Packard Children's Hospital, chipatala cha ana cha yunivesite ya Stanford ku California, thumba lililonse la chakudyachi amalilembera milingo mwatsopano tsiku ndi tsiku, khanda lililonse lakelake, potengera sikelo ndi zotsatira za magazi za tsikulo. A ku Stanford amati thumba limodzi limadutsa m'manja mwa anthu 6: dokotala, katswiri wa kadyedwe, a ku famase awiri ndi anamwino awiri. Mutu umodzi susenza denga, inde, koma anthu ambiri opatsirana manambala kuchoka pa chikalata ichi kupita pa icho ndi mipata yambirinso yoti nambala isochere. Nima Aghaeepour, amene anatsogolera kafukufuku ndikufuna kukambayu, amanena kuti m'zipinda za makanda odwalitsitsa mulibe ntchito ina yobala zolakwika zambiri kuposa imeneyi.

M'mwezi wa Malichi 2025, gulu lake linasindikiza m'magazini ya Nature Medicine zotsatira za pulogalamu ya pakompyuta ya makina anzeru (AI) imene anaitcha TPN2.0. Anaiphunzitsa ndi zikalata 79,790 za TPN zimene madokotala analembera makanda 5,913 m'zaka 10, pamodzi ndi mbiri ya makandawo: kulemera kwawo, zoyeza magazi, matenda amene anali nawo. Kenako anakaiyesa pa zikalata 63,273 za makanda 3,417 a kuchipatala cha University of California, San Francisco. Chimene chinatuluka n'chakuti zikalata masauzande onsewo zitha kusonkhanitsidwa m'mitundu 15 yokha ya chakudya. Ntchito ya pulogalamuyo m'mawa uliwonse ndi kuwerenga mbiri ya khanda n'kunena kuti lero lipatseni thumba la mtundu wakuti, mamililita akutiakuti.

Nkhaniyi itamveka, ambiri anaikamba ngati kuti kompyuta yabwera kudzakonzera mwana aliyense chakudya chakechake. Komatu kukonzera aliyense payekha ndi zimene madokotala akhala akuchita kale, ndipo vuto lagona pomwepo. Makinawa achita zosemphana ndi zimenezo: achepetsa. Mmene ine ndikuonera, phunziro lalikulu la kafukufukuyu n'lakuti kusiyana kwina pakati pa thumba la Lolemba ndi la Lachiwiri, kapena pakati pa thumba la dokotala uyu ndi la uyo, sikuchokera kwa khanda ayi. Kumachokera kwa wolembayo: sukulu imene anaphunzira, zimene anazolowera, mkulu amene anamuyang'anira ali wophunzira, ndi maola amene wakhala ali chiimire osagona. Kusiyana kotereku timakulemekeza kuti ndi luso, pamene mbali ina yake ndi phokoso chabe.

Phindu lake ndi lenileni, ndipo si laling'ono. Mitundu 15 itha kukonzedwa yambiri nthawi imodzi m'malo aukhondo wokhwima, kuyezedwa, kusungidwa, n'kupachikidwa m'maola oyamba khanda litangobadwa, ngakhale likhale Loweruka usiku a ku famase ataweruka. Namwino amene waona thumba lomwelo kambirimbiri amazindikira msanga tsiku limene china chake sichili bwino. Mtengo nawo umatsika, popeza sipafunikanso munthu woima m'chipinda chosaloledwa fumbi akusakaniza thumba limodzilimodzi ndi jakisoni. Pa zimenezi ndili kumbali ya a ku Stanford kwathunthu, ndipo dokotala amene amakana matumba okonzeratu chifukwa chongonyadira cholembera chake sindimumvera chisoni.

Tisaiwale kuti matumba okonzeratuwa sanabadwe ndi AI. Madokotala a makanda a ku Australia ndi New Zealand anagwirizana kalekale pa mitundu ingapo yoti zipatala zawo zizigwiritsa ntchito, ndipo mu 2020 bungwe la NICE, lomwe limalemba malangizo a zachipatala ku England, linati makanda aziyambira pa thumba lokonzeratu, lapadera lizilembedwa pokhapokha pali vuto monga la impso. Iwowa anafika pamenepo pokhala pansi n'kukambirana. Chatsopano pa TPN2.0 n'chakuti mitunduyo yatengedwa mu zimene madokotala analembadi, ndiponso kuti pali chosankhira thumba tsiku ndi tsiku, chomwe dokotala akasintha kanthu chimawerengeranso zotsalazo kuti zigwirizane ndi zimene wasinthazo. Chiongolero chikhala m'manja mwa dokotala. Umu ndi mmene ziyenera kukhalira.

Pamene ndikusiyana ndi okondwerera ndi pa umboni woti pulogalamuyi imapulumutsa miyoyo. Umboni umenewo sunapezeke, ndipo manambala awiri amene akutchulidwa kwambiri sanena zimene anthu akuganiza kuti akunena.

Loyamba ndi la mayeso obisa. Akatswiri osamalira makanda ankapatsidwa mbiri ya khanda ndi zikalata zosalembedwa kuti iyi ndi ya munthu, iyi ndi ya makina, n'kufunsidwa kuti azipatse mamalikisi. Anachita zimenezi ka 192, ndipo za makina zinapambana. Chabwino. Koma chimene chayezedwa apa ndi kukonda kwa dokotala, si kukula kwa mwana. Pulogalamu yophunzira ku zikalata 79,790 za madokotala imatulutsa chinthu chapakatikati, chosalala, chopanda zodabwitsa, ndiye n'zosadabwitsa kuti dokotala akachiona amagwedeza mutu kuvomereza. Waona chithunzi cha zimene iye ndi anzake amachita kawirikawiri. Ngati madokotala a ku California akhala akupereka mapuloteni ochepera kapena mafuta ochulukira kwa zaka 10, makinawo aphunzira chizolowezi chomwecho, ndipo mayeso obisa aja sangachigwire, chifukwa woyesa ndi woyesedwa anachokera sukulu imodzi.

Nambala yachiwiri ndi imene imagwira mtima. Ofufuzawo anabwerera m'mafayilo akale n'kuyang'ana makanda amene anapatsidwa chakudya chosiyana kwambiri ndi chimene pulogalamuyo ikanalangiza. Anapeza kuti makanda amenewa ankadwala kwambiri kuposa anzawo, ndipo pa nthenda yoola matumbo, imene madokotala amaitcha NEC, chiopsezo chinali choposa katatu. NEC ndi nthenda yoopsa: matumbo a khanda amatupa n'kuyamba kufa, ena amadulidwa, ndipo makanda ena sapulumuka. Ukamva katatu, umafuna pulogalamuyo ifike mawa lomwe. Koma tadzifunseni kuti dokotala amapatuka liti pa njira ya masiku onse. Amapatuka akaona kuti mwana uyu sali bwino: mimba yayamba kufufuma, khungu latuwa, mkodzo wachepa, kapena pali kena kake kamene maso a munthu wozolowera aona koma sikanalembedwe paliponse. Ndiye kodi thumba lachilendolo ndi limene ladwalitsa mwana, kapena kudwala kwa mwana ndi kumene kwabweretsa thumba lachilendo? Ofufuza amayesetsa kufananitsa makanda a msinkhu ndi mavuto ofanana, koma angathe kufananitsa zokhazo zimene zili m'fayilo. Funsoli mafayilo akale sangaliyankhe, ngakhale atachuluka bwanji.

Limayankhidwa ndi kafukufuku wa maere, momwe makanda ena amadyetsedwa motsatira pulogalamu, ena motsatira njira yakale, osasankha, kenako n'kuwerenga zotsatira. A ku Stanford eni akewo anena kuti chotsatira ndi chimenechi, ndipo ndi bwino kuti anena. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tili ndi chifukwa chodekhera: kampani ya Epic, imene mapulogalamu ake amasunga mafayilo a odwala m'zipatala zambiri za ku America, inafalitsa chida chochenjeza madokotala kuti wodwala wayamba nthenda ya tizilombo m'magazi, ndipo zipatala mazanamazana zinachilandira. Mu 2021 ofufuza a ku University of Michigan atachiyesa paokha anapeza kuti chinaphonya odwala awiri mwa atatu alionse amene analidi ndi nthendayo, kwinaku chikuliza belu pa anthu ambirimbiri amene analibe. Chidacho chinali chitalowa kale m'mawodi umboni usanafike.

Palinso mbali ina ya kukonzera matumba m'fakitale imene sikambidwa mokwanira. Dokotala mmodzi akalakwitsa, wavulaza khanda limodzi. Malo amodzi okonzera matumba a zipatala zambiri akalakwitsa, ngozi imayenda pa galimoto. Mu 2014 ku England, matumba a TPN a kampani ya ITH Pharma analowa kachilombo kotchedwa Bacillus cereus. Makanda 19 m'zipatala 9 anadwala, atatu anamwalira, ndipo mu 2022 kampaniyo inalipitsidwa chindapusa choposa mapaundi 1 miliyoni. Mu Sepitembala 2024, namondwe Helene anasefukiza madzi pafakitale ya Baxter ku North Carolina, yomwe inkapanga pafupifupi 60 peresenti ya madzi a diripi a dziko lonse la America, ndipo zipatala zinayamba kugawa madziwo mopimira ndi kuimitsa maopaleshoni ena. Izi sizikugwetsa ganizo la matumba okonzeratu. Zikungotanthauza kuti chipatala chimene chasiya kusakaniza chokha chiyenera kusunga anthu odziwabe kusakaniza, ndipo luso likapanda kugwiritsidwa ntchito limachita dzimbiri msanga.

Tsopano za kwathu, popeza ofufuzawo anatchula okha kuti matumba otsika mtengo angathandize mayiko osauka. Nkhaniyi ikutikhudzadi. Lipoti la bungwe la WHO ndi anzake la mu 2023 linati mu 2020 ana 13.4 miliyoni padziko lonse anabadwa masiku osakwana, ndipo Malawi anali wachiwiri kwa Bangladesh, ndi ana 14.5 pa 100 alionse. M'zipatala zambiri za boma za m'chigawo chino cha Africa, TPN sipezeka, kapena imapezeka mwa apo ndi apo. Ndiye wina atha kunena kuti nayi mphatso yagwa kumwamba.

Ine ndikuti thumba ndi gawo lapafupi pa ntchito yonseyi. Chakudyachi n'chokhathamira, chimawotcha timitsempha tating'ono ta padzanja, n'chifukwa chake chimafuna kachubu kofika mumtsempha waukulu. Kachubu kameneko kamafuna munthu wodziwa kukalowetsa, X-ray yoonera pamene kafika, ndi manja oyera nthawi iliyonse kakakhudzidwa, chifukwa madzi a shuga ndi mafuta ofunda ndi munda wa tizilombo, ndipo kachubuko ndi msewu wolunjika kumtima. Pamafunika pampu yodonthetsa mamililita 6 pa ola osaphonya, ndi magetsi oti pampuyo isazime. Pamafunika labotale yotha kuyeza sodiyamu, potaziyamu ndi fosifeti pa timadontho ta magazi, poti khanda lonselo lili ndi magazi osakwana mamililita 100, n'kubweza zotsatira tsiku lomwelo. Pulogalamu ya AI imadya manambala amenewa. Mukaimana, imalangiza mumdima. Ndipo pamafunika namwino amene sakuyang'anira makanda makumi awiri yekha usiku wonse. Kupachika TPN m'chipinda mmene zinthu izi mulibe kutha kupha ana ambiri kuposa amene kungapulumutse.

Onjezani kuti makanda amene pulogalamuyi inaphunzirapo ndi a ku California. Athu ambiri amabadwa kwa amayi amene anadwala malungo ali oyembekezera, kapena ochepa magazi, kapena osadya mokwanira, ndipo makanda otere amakhala kuti anapinimbira kale m'mimba. Madokotala amadziwa kuti khanda lopinimbira likayamba kulandira mapuloteni ndi shuga wambiri, fosifeti ndi potaziyamu wa m'magazi amatha kugwa mwadzidzidzi, chifukwa thupi lanjala limazikokera zonse m'maselo. Kaya mitundu 15 ija ikukwanira pa makanda otere akakhala ambiri m'chipinda, palibe angalumbire asanayese. Nanga tiyesa ndi chiyani, pamene mbiri ya odwala athu yambiri ili pa mapepala ndi m'timabuku ta kuchipatala?

Chimene chimandipweteka pa nkhani za makina anzeru n'chakuti zimaphimba zinthu zimene zili kale ndi umboni, zina mwa izo zotsimikizidwira ku Blantyre konkuno. Makina othandiza kupuma a Pumani, amene anapangidwa ndi a ku Rice University mogwirizana ndi madokotala a ku Queen Elizabeth Central Hospital, anakweza chiwerengero cha makanda opulumuka ku vuto lalikulu la kupuma kuchoka pa 44 kufika pa 71 peresenti m'kafukufuku wa mu 2014 wotsogozedwa ndi Dr Kondwani Kawaza. Chisamaliro cha kangaru, chomwe chinayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, chinayesedwa mwa maere ku Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, ndipo zotsatira za mu 2021 zinasonyeza kuti kuika khanda la pakati pa kilogalamu 1 ndi 1.8 pachifuwa cha mayi litangobadwa, osadikira kuti liyambe lapeza bwino, kumachepetsa imfa ndi 25 peresenti. Mkaka wa m'mawere wofinyira m'kapu nawo umateteza ku NEC yomwe ija kuposa mkaka wa m'chitini. Ndalama ya unduna ikakhala imodzi, ipite kumeneku, ndi ku malipiro a anamwino.

Komabe sindikufuna kumveka ngati ndikuti TPN ndi ya azungu, ife tikhutire ndi chitenje. Alipo makanda amene chifuwa cha mayi sichingawapulumutse. Khanda lobadwa matumbo ali kunja kwa mimba, kapena lobadwa matumbo ali otsekeka, limatha masabata angapo lisanayambe kugaya mkaka ngakhale opaleshoni itayenda bwino, ndipo likapanda kudya mumtsempha limafa ndi njala bala likupola. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri wofalitsidwa mu The Lancet mu 2021 anapeza kuti pa makanda obadwa matumbo ali kunja, m'mayiko olemera ankamwalira osakwana awiri pa 100, pamene m'mayiko osaukitsitsa anamwalira 9 mwa 10 amene anawerengedwa. Chiwerengero chachiwiricho n'chochokera pa makanda ochepa, koma aliyense wogwira ntchito m'chipinda cha opaleshoni ya ana kuno sangadabwe nacho. Ngati matumba okonzeratu adzatsikedi mtengo ndi kutha kusungika nthawi yaitali, oyamba kuwalandira akhale makanda amenewa, m'zipatala zazikulu zochepa zimene zili ndi madokotala a opaleshoni ya ana ndi chipinda cha odwalitsitsa, monga Mercy James Centre ya pa Queen Elizabeth imene inatsegulidwa mu 2017. Kumeneko kachubu, pampu ndi labotale n'zotheka kuziyang'anira. Ndipo poyambira sipafunika AI n'komwe: mitundu iwiri kapena itatu ya thumba ndi tchati cha papepala zitha kale kusintha zambiri.

Kwa a ku Stanford ndi ena amene atsatire, pempho langa ndi la kafukufuku wa maere uja. Asayeze zoti madokotala akondwa kapena nthawi yapulumuka. Ayeze kulemera kwa khanda ndi kukula kwa mutu wake, NEC, tizilombo m'magazi, kuwonongeka kwa chiwindi komwe kumadza TPN ikatenga nthawi yaitali, imfa, ndipo awatsatire anawo mpaka zaka ziwiri kuti tione ngati akuyenda ndi kulankhula pa nthawi yake. Afananitse pulogalamuyo osati ndi zikalata zolemba pamanja zokha, komanso ndi matumba okonzeratu wamba ngati a ku England ndi Australia, chifukwa pokhapo ndi pamene tidzadziwe ngati phindu likuchokera ku AI kapena ku kungochepetsa mitundu. Alembe kangati dokotala anakana langizo la makina, ndi chimene chinachitikira mwana pa masiku amenewo. Mitundu 15 ija isadzasanduke katundu wa kampani imodzi. Ndipo zotsatira za makanda osakwana kilogalamu imodzi ndi za opinimbira m'mimba azionetse pazokha, asazisakanize ndi za makanda akuluakulu amene akanachira ndi thumba lililonse.